"Anthu ati chiyani?" Zimene Astoiki ankaphunzitsa pa nkhani yoopa pakamwa pa anthu

Ukamayendayenda pa TikTok kapena pa Facebook masiku ano sipatenga nthawi usanakumane ndi kavidiyo koonetsa chiboliboli cha mwala cha bambo wandevu zake, kanyimbo kozizira kumbuyo, ndi mawu oti usamalabadire zonena anthu, khala Mstoiki. Ambiri zikuwasokoneza, ena akuyesa ndi mpingo watsopano, ena akuti ndi za anyamata odzimva amene safuna kudzudzulidwa, pomwe ena akuzitenga ngati mankhwala a manyazi. Nde tiyeni tizione pang'onopang'ono, chifukwa funso loti "anthu ati chiyani?" lalepheretsa ambiri kubwerera kusukulu atakula, kuyamba kageni kooneka konyozeka, ngakhale kungoimika dzanja pamsonkhano, ndipo zimene Astoiki eni akewo analemba sizikufanana kwenikweni ndi za m'timavidiyoti.

Astoiki anali ndani?

Chistoiki ndi sukulu ya filosofi imene inayambira ku Athens, m'dziko la Greece, cha m'ma 300 BC. Anaiyambitsa ndi Zeno wa ku Citium, tauni ya pachilumba cha Cyprus. Nkhani imene inalembedwa ndi Diogenes Laertius patatha zaka pafupifupi 500 imati Zeno anali wamalonda, chombo chimene chinanyamula utoto wake wodula chinasweka panyanja, n'kupezeka ali ku Athens komwe anakhala wophunzira wa Crates wa ku Thebes. Crates ameneyu anali wa gulu la ma Cynic, anthu odziwika ndi kusachita manyazi ndi chilichonse pagulu.

Vuto linali loti Zeno anali wamanyazi kwabasi. Tsiku lina Crates anamupatsa mphika wa mphodza kuti aunyamule podutsa ku Kerameikos, dera lopitapita anthu, mnyamata uja n'kumayesa kuubisa mphikawo kuti anthu asamuone, Crates ataona zimenezo anangoumenya ndi ndodo, phwa, msuzi chuchuchu m'miyendo, Zeno liwiro la mtondo wadooka. Mphunzitsi wakeyo anamufuulira kumufunsa kuti akuthawa chiyani pomwe palibe choopsa chimene chamugwera. Ndekuti nkhani yoopa maso a anthu ilipo kuyambira pachiyambi penipeni pa sukuluyi.

Kenako Zeno anayamba kuphunzitsa yekha pakhonde lina la pamsika wa Athens lotchedwa Stoa Poikile, ndipo dzina loti Astoiki linachokera pamenepo. Atamwalira anamulowa m'malo ndi Cleanthes, munthu wosauka amene usiku ankatunga madzi othirira m'minda kuti apeze ya chakudya, anzake ankamunyoza kuti bulu, iye n'kumavomera kuti inde, ndi bulu yekhayo amene angasenze katundu wa Zeno. Wachitatu anali Chrysippus amene akuti analemba mabuku opitirira 700, koma onse anatayika, kwatsala tizidutswa chabe. N'chifukwa chake zambiri zimene timawerenga lero ndi za anthu atatu a nthawi ya Aroma: Seneca, amene anali mphunzitsi ndi mlangizi wa mfumu Nero ndipo anakakamizidwa kudzipha mu 65 AD, Epictetus amene anali kapolo, ndi Marcus Aurelius amene analamulira ufumu wa Roma kuyambira 161 mpaka 180.

Owerenga Baibulo anakumana nawo kale anthu amenewa mwina osazindikira. Pa Machitidwe 17:18 Paulo ali ku Athens akutsutsana ndi Aepikureya ndi Astoiki, ndipo Galiyo wa m'chaputala 18, bwanamkubwa uja amene anakana kuweruza mlandu wa Paulo ku Korinto, anali mkulu wake wa Seneca.

Zimene zili m'manja mwako ndi zimene sizili

Apa ndiye pagona nkhani. Epictetus anabadwira ku Hierapolis, dera limene lero lili m'dziko la Turkey, cha m'ma 50 AD. Anali kapolo wa Epaphroditus, mlembi wa Nero, anali wolumala mwendo, ndipo anaphunzira filosofi kwa Musonius Rufus. Mfumu Domitian itathamangitsa afilosofi ku Roma iye anakatsegula sukulu ku Nicopolis, ku Greece. Sanalembe buku lililonse, zonse zimene tili nazo anazilemba ndi wophunzira wake Arrian, ndipo kabuku kake kachidule kotchedwa Enchiridion kamayamba ndi kugawa zinthu pawiri. Kumbali imodzi kuli zimene zili zathuzathu, monga mmene tikuganizira, zimene tikufuna, zimene tikukana ndi zimene tasankha kuchita. Kumbali inayo kuli thupi, katundu, udindo, ndiponso mbiri yathu pakati pa anthu.

Onani bwino pomwe waiika mbiriyo. Sakunena kuti mbiri ndi yachabechabe, akungoti mwini wake si iwe, imakhala m'mitu ya anthu ena, ndipo chinthu chokhala m'mutu mwa wina sungachilamule olo utayesetsa bwanji. Mayi wophika ndiwo za paukwati akhoza kusankha nyama yabwino, kuyeza mchere, kuyang'anira moto, zonsezo ndi zake, koma pakati pa anthu mazana amene adye padzapezekabe wina woti mchere wachepa ndi wina woti wachuluka, ndipo akati mtima wake ukhale pansi pokhapokha onse atayamikira ndiye kuti sadzagona.

Epictetus mwini ankapereka chitsanzo cha woimba zeze. Akamaimba yekha kunyumba amaimba bwino popanda vuto, koma akangokwera pansanja mtima uli phaphapha, ngakhale mawu ake ndi omwe aja ndipo nyimbo akuidziwa. Chasintha n'chiyani? Tsopano sakungofuna kuimba bwino, akufunanso kuomberedwa m'manja, ndipo manjawo si ake. Kwa Epictetus nkhawa iliyonse imayambira pamenepo, pofuna chinthu chimene sichili m'manja mwako. Ananenanso kuti Zeno popita kukakumana ndi mfumu Antigonus sankada nkhawa, amene ankada nkhawa ndi mfumuyo chifukwa ndi imene inkafuna kuoneka bwino pamaso pa Zeno.

Pali amene amati kugawa pawiriku n'kouma kwambiri. William Irvine, pulofesa wa filosofi wa ku America, anati pali gulu lachitatu la zinthu zimene uli nazo mphamvu pang'ono, ndipo mbiri ikhoza kulowa mmenemo chifukwa khalidwe lako limakhudza ndithu zimene anthu amanena za iwe. Ena amamuyankha kuti Astoiki akale anali ataiona kale mfundo imeneyi kudzera m'chitsanzo cha woponya muvi chimene chili m'zolemba za Cicero, wandale ndi wolemba mabuku wa ku Roma, kuti kukoka uta ndi kulunjika bwino ndi zako, koma muvi ukachoka pauta zotsala si zakonso.

Chimapweteka n'chiyani, mawuwo kapena chigamulo chako?

Mfundo yachiwiri ndi imene imavuta kuimeza. Astoiki ankati pakati pa chinthu chimene chachitika ndi ululu umene ukumva pali kachigamulo kamene umapanga wekha, kawirikawiri mwachangu osazindikira n'komwe. Wina waseka iwe ukudutsa, m'mutu mwabwera ganizo loti akuseka ine ndipo zimenezi ndi zoopsa. Ganizolo kubwera labwera lokha, koma kulivomereza kuti ndi loona ndi ntchito yako, ndipo ukhoza kuliimitsa kaye n'kulifunsa mafunso. Epictetus ankati anthu savutika ndi zinthu zenizenizo koma ndi mmene akuziweruzira, ndipo wotukwana sangakunyoze popanda iwe kuvomereza kuti wanyozeka.

Anali ndi kafanizo kena kolasa. Munthu atatenga thupi lako n'kulipereka kwa aliyense wodutsa mumsewu kuti achite nalo zimene akufuna ungakwiye koopsa, koma maganizo ako umawapereka wekha kwa aliyense amene wakunena, kuti awasokoneze mmene angafunire, ndipo suchita nazo manyazi. Analangizanso kuti ukamva zoti wina akukunena usavutike n'kudziteteza, ungoti munthuyo sakudziwa zolakwa zanga zina, akanazidziwa sakanatchula zokhazi. Ndimaiona ngati nthabwala yothandiza kuposa malangizo ambiri aulemu, chifukwa imachotsa mpweya mu mkangano wonse.

Marcus Aurelius, munthu wamphamvu kuposa wina aliyense mu ufumu wake, nayenso ankalimbana ndi zomwezi. Zolemba zake zimene lero zimatchedwa Meditations sanalembere anthu, ankadzilembera yekha m'Chigiriki, zina ali kunkhondo kufupi ndi mtsinje wa Danube, ndipo penapake akudabwa kuti zimatheka bwanji kuti munthu aliyense amadzikonda kuposa mmene amakondera ena koma maganizo a ena pa iye amawalemekeza kuposa ake omwe.

Tsono apa m'pamene mavidiyo aja amaphonya. Astoiki sankanena kuti munthu wanzeru samva kanthu ngati chitsa. Seneca m'kalata yake ya nambala 11 kwa mnzake Lucilius analemba za kufiira kumaso ndi manyazi, n'kunena kuti palibe nzeru imene ingachotse zimenezi chifukwa ndi zachibadwa, anatchulanso Pompey, kazembe wankhondo wotchuka, kuti ankafiira kumaso akaima pamaso pa gulu. Wolemba wina, Aulus Gellius, anasimba za Mstoiki amene nkhope inamutuwa ndi mantha chombo chili pakati pa namondwe, atafunsidwa pambuyo pake anafotokoza kuti kudzidzimuka koyambako sikufunsa chilolezo kwa munthu, chimene chili m'manja mwake n'chakuti avomereze kapena akane zimene manthawo akumuuza. Choncho kunjenjemera mawu, thukuta m'manja, mtima kugunda, zonsezo kwa iwo si kulephera. Ntchito imayamba pambuyo pake.

Kodi mbiri yabwino ilibe ntchito?

Astoiki ankati chabwino chenicheni ndi chimodzi chokha, khalidwe, lomwe ankaligawa panayi: nzeru, chilungamo, kulimba mtima ndi kudziletsa. Zina zonse, thanzi, chuma, mbiri, sizipanga munthu kukhala wabwino kapena woipa. Koma Zeno anawonjezera kuti mwa zinthu zimenezi zilipo zoyenera kuzisankha mpata ukapezeka, thanzi n'losankhika kuposa matenda, mbiri yabwino kuposa yoipa, bola usagulitse khalidwe lako pozifuna.

Pamenepa eni akewo sankagwirizana. Aristo wa ku Chios, wophunzira wa Zeno, anakana zoti pali zosankhika, kwa iye zonse za kunja zinali chimodzimodzi basi. Cicero, polemba mu 45 BC, anati Chrysippus ankaona kuti mbiri yabwino, ukachotsapo phindu limene imabweretsa, si yoti n'kuitambasulira ngakhale chala. Koma Astoiki a pambuyo pake atapanikizidwa ndi mafunso a Carneades, mtsogoleri wa sukulu ina yopikisana nawo, anasintha n'kuvomera kuti munthu woleredwa bwino amafuna ndithu kuti makolo ake, abale ake ndi anthu abwino azimunenera zabwino. Ndiye ukamva wina akuti "Astoiki ankati" pa nkhani ya mbiri, ndi bwino kufunsa kuti Astoiki ake ati.

Chimene ambiri a iwo ankagwirizana n'choti manyazi asathe koma asamuke. Epictetus ankalemekeza kwambiri manyazi amene munthu amachita ndi iye mwini akachita chinthu chonyansa ngakhale palibe amene wamuona. Wolemba wina wa Chigiriki, Plutarch, analemba kuti Cato wamng'ono, wandale wa ku Roma amene anamwalira mu 46 BC, nthawi zina ankayenda pagulu wopanda nsapato ndiponso kuvala mtundu wa nsalu umene sunali m'fasho, cholinga chake chinali kudzizoloweza kuchita manyazi ndi zinthu zochititsadi manyazi zokha. Seneca anasimbanso kuti munthu wina atamumenya Cato kosambira kwa anthu onse n'kubwera kudzapepesa, Cato anangoti sakukumbuka zoti anamenyedwa.

Koma Seneca yemweyo m'kalata ya nambala 5 anachenjeza za anthu odzionetsera ndi zovala zauve ndi tsitsi losapesa pofuna kuoneka afilosofi, anati mkati tikhale osiyana ndi gulu koma kunja tizioneka ngati anthu ena onse. Kuchita zachilendo dala kuti anthu akuone kuti susamala ndi kusamala komwe, kwangovala malaya ena. Ndipo Marcus analemba kuti wina akamuonetsa kuti akulakwitsa adzasintha mokondwa, popeza chimene akufuna ndi choonadi. Uyu si munthu wotseka makutu. Mmene ndikuonera, funso limene ankafuna kuti munthu azidzifunsa akanenedwa ndi loti kodi zimene akunenazo ndi zoona, zikakhala zoona konza, zikakhala zabodza ndiye wolakwitsa ndi wonenayo.

Kumene chiphunzitsochi chimafika pothina ndi pa nkhani ya Helvidius Priscus imene Epictetus ankakonda kusimba. Mfumu Vespasian inamuuza kuti asabwere kunyumba ya malamulo, iye anati mfumuyo ili ndi mphamvu yomuchotsa pa udindo koma pomwe adakali phungu ayenera kupita. Inati chabwino bwera koma ukhale chete, iye anati musandifunse maganizo ndiye ndikhala chete, mukandifunsa ndinena chimene ndikuona kuti n'cholungama. Itamuopseza kuti imupha anayankha kuti sananenepo kuti iye ndi wosafa. Anaphedwadi. Kusaopa zonena za anthu kwa mtundu umenewu sikunali kofuna mtendere wa mumtima chabe, kunali kofuna kuti munthu athe kugwira ntchito yake pagulu.

Zinafika bwanji kwa akatswiri a maganizo a masiku ano?

Albert Ellis, katswiri wa zamaganizo wa ku New York, ankasimba yekha kuti ali ndi zaka 19 ankaopa kwambiri kulankhula ndi akazi, ndiye anadzikakamiza kwa mwezi wathunthu kumapita kumunda wamaluwa wa ku Bronx n'kumayambitsa macheza ndi mkazi aliyense amene wakhala yekha pabenchi. Analankhula ndi akazi pafupifupi 100, mmodzi yekha ndi amene anavomera kudzakumana naye ndipo sanabwere n'komwe, koma mantha aja anatha. Mu 1955 anayambitsa njira yake yothandizira anthu, yomwe inali ndi zochita zina zolimbana ndi manyazi, monga kutchula mokweza mayina a masiteshoni uli m'sitima anthu akukuyang'ana. Ndi mphika wa mphodza uja ndithu. Aaron Beck wa ku yunivesite ya Pennsylvania anakonza njira yofananako m'zaka za m'ma 1960, ndipo awiriwa anavomera poyera kuti mizu ya ntchito yawo ili kwa Astoiki. Kuchokera mmenemo munatuluka chithandizo chotchedwa CBT, chophunzitsa munthu kufunsa ndi kusintha maganizo amene akumuvutitsa, chimene lero chimagwiritsidwa ntchito kwambiri pothandiza anthu a nkhawa yoopa gulu.

Palinso kafukufuku wa Thomas Gilovich ndi anzake amene anasindikizidwa mu 2000. Ophunzira a pa yunivesite ya Cornell anavekedwa tisheti ya chithunzi cha woimba wina amene achinyamata ankamuona ngati wochititsa manyazi, n'kulowetsedwa m'chipinda momwe munali anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu aizindikira, koma amene anaizindikira anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Kungoti mfundo iyi ndi yosiyana ndi ya Epictetus. Kafukufukuyu akuti anthu sakukuyang'ana mmene ukuganizira, pomwe Epictetus akuti olo atakuyang'ana onse n'kuseka, chimene chili chako sichinakhudzidwe.

Kutchuka kwa masiku ano kunakula ndi zinthu ngati Stoic Week, sabata yoyeserera kukhala ngati Mstoiki, imene inayambira ku yunivesite ya Exeter ku Britain mu 2012, mabuku a olemba ngati Ryan Holiday, kenako intaneti n'kuzidula zonse kukhala timawu ta mzere umodzi.

Mafunso amene adakalipo

Loyamba ndi lakale kwambiri. Kodi n'zoona kuti zonena anthu sizingakupweteke? Mbiri yoipa imachotsetsa anthu ntchito, imathetsa mabanja, ndipo kwathu kuno agogo onamiziridwa ufiti amamenyedwa ngakhale kuphedwa kumene. Mstoiki angayankhe kuti zimenezo zapweteka thupi ndi katundu koma khalidwe la munthuyo silinadetsedwe, ndipo kuti ena tonse chilungamo chikutikakamiza kumuteteza. Aristotle, wafilosofi wa Chigiriki amene anakhalako Zeno asanayambe kuphunzitsa, ankaona mosiyana, kwa iye moyo wabwino umafunanso zinthu zakunja monga abwenzi ndi ulemu, ndipo kunena kuti munthu amene ali pa mazunzo aakulu ndi wodala bola akhale wabwino n'kungolankhula. Mkangano umenewu sunathe mpaka lero.

Lachiwiri likukhudza ife amene tinakula tikumva kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Kuopa pakamwa pa anthu ndi kumene kumaletsa ena kuba, kuzunza mkazi kapena kutaya makolo, nde ukachotsa mantha amenewo chitsale n'chiyani? Astoiki sanali odzipatula, ankaphunzitsa kuti anthu onse ndi a mudzi umodzi, ndipo Marcus analemba kuti chimene sichipindulira mng'oma wonse sichipinduliranso njuchi. Iwo akanati chitsale ndi chikumbumtima. Koma munthu angadziwe bwanji kuti apa gulu likulakwitsa ndipo apa ndine amene ndauma mutu? Wolimba mtima ndi wamakani onse amadziona ngati Helvidius. Seneca analangiza kusankha munthu mmodzi wolemekezeka n'kumachita zinthu ngati akukuona, zomwe zikusonyeza kuti diso la munthu wina likufunikabe, kungoti wasankha wekha la ndani.

Lachitatu ndi la amene akulankhula. Seneca anali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku Roma, ndipo adani ake ankamunena kuti anasonkhanitsa ndalama za sesterce zokwana 300 miliyoni m'zaka zinayi zokha ali pafupi ndi Nero. Marcus anali mfumu. Otsutsa amati n'kosavuta kunyoza mbiri pomwe chakudya chako sichidalira mbiriyo. Oikira kumbuyo amaloza Epictetus, amene anaphunzira zimenezi ali kapolo, ndi Cleanthes wotunga madzi uja.

Ndipo pali funso limene akatswiri a Chistoiki cha masiku ano amakanganirana okhaokha. Astoiki akale ankapirira chipongwe chifukwa ankakhulupirira kuti dziko lonse likuyendetsedwa ndi nzeru yaumulungu, ndipo chilichonse chochitika chili ndi malo ake m'dongosolo limenelo. CBT inatenga njira zawo zofunsira maganizo n'kusiya chikhulupiriro chimenecho, mabuku ambiri atsopano achitanso chimodzimodzi. Ena akuti njirazo zimagwira ntchito pazokha, ena akuti ukachotsa maziko amenewo palibenso chifukwa chomveka chonenera kuti khalidwe lokha ndiye chabwino chenicheni, ndipo ngati si lokha, ndiye kuti mbiri yabwereranso pamndandanda wa zinthu zimene munthu angaope kutaya.